Mboni za Nkhondo ya Shapur ndi Akaisara Atatu

Liu lakuti "mbiri" m'cinenero cathu liri ndi matanthauzo atatu. Tikati munthu ali ndi mbiri, tinena kuti dzina lace lamveka kutali. Tikati yamveka mbiri yakuti mfumu yadwala, tinena za mphekesera imene palibe waitsimikiza. Ndipo tikati ana alowe aphunzire mbiri, tinena za zinthu zimene zinacitikadi kale. Popeza liulo ndi limodzi, mphunzitsi wosacenjera angathe kupatsa ana kudzitama kwa mfumu kapena mphekesera ya adani ace, iye nayesa kuti alikuwapatsa zoona. M'nkhani ino tiyesa zolembedwa zakale zonena za nkhondo zitatu zimene Shapur Woyamba, mfumu ya Aperisi, anamenyana ndi Aroma pakati pa zaka za 242 ndi 260. Tasankha nkhondo zimenezi cifukwa mbali zonse ziwiri zinasiya mau ao, cinthu cosowa m'mbiri yakale, ndipo mau aowo sagwirizana.

Maufumu awiri ndi malire ao

Tiyambe ndi kudziwa eni mlandu. Ufumu wa Aperisi amene mwawawerenga m'Buku Lopatulika, a masiku a Koresi ndi Dariyo, unagwetsedwa ndi Alexander m'caka ca 330 Kristu asanabadwe. Patapita nthawi dziko lao linagwa m'manja mwa Aparti, amene anaononga ankhondo a Crassus, kazembe wa Aroma, pa Carrhae m'caka ca 53 Kristu asanabadwe. Carrhae ameneyu ndi Harana uja m'mene anakhalamo Abrahamu. Tsono m'caka ca 224 Kristu atabadwa, Ardashir, mfumu yaing'ono ya cigawo ca Pars, anagonjetsa mfumu ya Aparti, nakhazika ufumu watsopano wa Aperisi, wa banja la Sasan, umene unakhalapo kufikira 651. Shapur ndiye mwana wa Ardashir, ndipo analamulira zaka monga 30, kuyambira ca m'ma 240.

Cimene Aroma ndi Aperisi analimbirana ndi dziko la pakati pa mitsinje iwiri, Euphrates ndi Tigris, pamodzi ndi mapiri a Armenia kumpoto kwace. M'menemo munali midzi ya malinga ndi njira za amalonda. Koma coposa izi, wotenga dzikolo anali atafika pakhomo pa mnzace. Ctesiphon, likulu la Aperisi, linali pa Tigris, pafupi ndi pamene pali Baghdad lero; ndipo Antioch, mudzi waukulu wa Aroma ku Syria, umene ife tiudziwa ndi dzina lakuti Antiokeya, unali ulendo wa masiku owerengeka kucokera ku Euphrates. Aroma anadalira asilikari oyenda pansi. Aperisi anadalira apakavalo obvala malaya acitsulo ndi oponya mibvi, ndiponso anadziwa kuzinga midzi ya malinga. Panalibe wotha kumeza mnzace, cotero anamenyana mobwereza-bwereza zaka 400, kufikira nkhondo yotsiriza ya 602 mpaka 628, imene inawasiya onse atalefuka pamene Aarabu anawadzera.

Mfumu ilankhula pa mwala

Zaka mazana ambiri mlandu uwu unamveka mbali imodzi yokha. Edward Gibbon, amene gawo loyamba la mbiri yace ya kugwa kwa ufumu wa Roma linatuluka m'caka ca 1776, anadalira makamaka zolembedwa m'Cilatini ndi m'Cigriki, ndipo mabuku ambiri a sukulu anatsata mapazi ace. Koma mlandu suola. M'zaka za 1936 ndi 1939 akatswiri a ku Chicago, wowatsogolera ali Erich Schmidt, pofukula dothi lozinga nsanja yakale ya miyala pa Naqsh-e Rostam, pafupi ndi Persepolis m'dziko la Iran, anapeza mau a Shapur mwini atazokotedwa m'munsi mwa makoma ace, m'zinenero zitatu: Ciperisi ca nthawi imeneyo, Ciparti ndi Cigriki. Wonenezedwa uja, amene anakhala du zaka zoposa 1,600, anayamba kuyankha.

Kalembedwe ka mau amenewa ndi ka munthu wodzichula yekha pamaso pa anthu ndi pamaso pa milungu yace. Ayamba ndi dzina lace ndi maina a makolo ace, nadzicha mfumu ya mafumu a Iran ndi a maiko a kunja kwa Iran. Kenaka achula maiko omgonjera, limodzi-limodzi. Nafotokoza nkhondo zitatu. Natsiriza ndi malo a moto wopatulika amene anawakhazika, ndi nsembe za nkhosa, mkate ndi vinyo zoperekedwa tsiku ndi tsiku cifukwa ca abale ace ndi nduna zace. Mau okometsera mulibe, ndi cisoni comwe mulibe. Mphamvu yace yonse iri m'maina ndi m'mawerengero, otsatana monga kugunda kwa ng'oma.

Nkhondo yoyamba, iye ati, anaiputa ndi Gordian Kaisara, amene anasonkhanitsa ankhondo mu ufumu wonse wa Roma, pamodzi ndi Agoti ndi Ajeremani. Anakomana pa Misiche, m'mbali mwa Euphrates. Gordian anaphedwa, gulu lace linaonongeka, ndipo Philip, amene Aroma anamlonga ufumu, anadza kudzapempha mtendere, napereka madinari 500,000 kuombola miyoyo yao. Yaciwiri, ati, inabuka cifukwa Kaisara ananamanso nacimwira Armenia. Pa Barbalissos Aperisi anakantha gulu la Aroma 60,000, natenga midzi 37, ndi Antioch yemwe. Yacitatu ndiyo ya m'caka ca 260, pamene Valerian Kaisara anadza ndi anthu 70,000 ocokera m'zigawo zambiri, zina za kutali monga Mauretania, kumpoto kwa Africa. Anamenyana ca ku Carrhae ndi Edessa, ndipo Shapur ati anamgwira Valerian ndi manja ace, pamodzi ndi akulu a nkhondo, nawatengera ku Pars.

Mboni iyi tiiyamikire pa zinthu ziwiri. Coyamba, inaona ndi maso, ndipo inalankhula anthu oona nkhondozo akali moyo. Caciwiri, ichula maina amene angathe kuyesedwa. Potsata midzi monga yandandalikidwa, ophunzira atha kulondola njira zimene ankhondo anapita. Nkhondo ya pa Barbalissos sitikadaidziwa konse pakadapanda mwala uwu, popeza olemba a Aroma amene zolemba zao zatifika sanaichule. Koma tiitsutse pa zimene yabisa. M'caka ca 243 Aroma anapambana Aperisi pa Resaena, nalandanso Carrhae ndi Nisibis. Mwalawo uli cete. Atagwidwa Valerian, Odaenathus, mwini mudzi wa Palmyra, anathira nkhondo Aperisi, ndipo pambuyo pace anafika mpaka pa malinga a Ctesiphon. Mwalawo uli cetenso. Mawerengero aja a ankhondo ndi odzaza bwino, opanda cotsala, ndipo wowerenga adani ndi yemwe afuna kuti aculuke. Tionenso kuti pamene mfumu ichula woputa nkhondo, masiku onse ndi Kaisara. Bodza la Shapur likhala makamaka m'zimene wazisiya.

Gordian anafa bwanji?

Gordian Wacitatu analowa ufumu m'caka ca 238 ali ndi zaka 13, nafa m'caka ca 244 ali ndi zaka 19. Olemba a Aroma sachula za kugonja kwa pa Misiche. Iwo ati mnyamatayo analikupambana; koma mpongozi wace Timesitheus, amene ndiye anayendetsa nkhondo yonse, atafa m'caka ca 243, Philip analowa m'malo mwace, nacedwetsa dala zombo za tirigu kuti asilikari amve njala ndi kuukira mfumu yao. Nkhani iyi ipezeka m'buku la miyoyo ya Akaisara lochedwa Historia Augusta ndi m'mbiri ya Zosimus. Buku loyambalo linenanso kuti Philip analembera bwalo la akulu ku Roma kuti Gordian wafa ndi nthenda. Olemba ena a Cigriki a m'tsogolo mwace ati anagwa pa kavalo nathyoka nchafu. Munthu mmodzi, imfa zinai.

Tiyese tsono mbonizi. Historia Augusta idzinenera kuti inalembedwa ndi anthu 6 m'masiku a Diocletian ndi Constantine; koma m'caka ca 1889 Hermann Dessau anaonetsa kuti ndi nchito ya munthu mmodzi wa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 300, ndiye kuti patapita zaka monga 150 cifere Gordian; ndipo makalata ambiri amene alimo ndi opeka. Likoma poliwerenga, pakuti wolembayo adziwa kuimika mnyamata wosalakwa pamaso pa nduna yonyenga. Koma kukoma kwa nthano sikuicititsa kukhala umboni. Zosimus analemba ca m'ma 500, patapita zaka zoposa 250. Ndiponso tisaiwale mtima wa ogonja: mtundu wogonja ukonda kumva kuti unaperekedwa ndi munthu wa m'nyumba, koposa kubvomera kuti mdani anauposa mphamvu.

Komatu tisafulumire kugamula mokomera Shapur, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ammianus Marcellinus, msilikari amene anatsika ndi Euphrates pamodzi ndi Julian Kaisara m'caka ca 363, anaona cikumbutso ca imfa ya Gordian pa Zaitha, pafupi ndi Circesium, ulendo wa masiku ambiri kumtunda kwa Misiche. Ndipo tikacherera khutu mau a Shapur mwini, timva kusiyana: za Valerian ati anamgwira ndi manja ace, koma za Gordian angoti anaphedwa, osachula womupha. Munthu wokonda kudzitama cotero sakadasiya kunena, akadakhala kuti mfumu ya Aroma inagwa ndi mkondo wa Mperisi pamaso pace. Cifukwa cace ophunzira ambiri aganiza kuti mboni iri yonse yagwira cidutswa: Aroma anagonjadi pa Misiche, nabwerera kumtunda, ndipo mfumu yao inafera panjira, kapena ndi mabala, kapena ndi manja a anthu ace okwiya. Zokhazikika ndi izi: nkhondo inamenyedwa, Gordian anafa m'caka ca 244, ndipo Philip anapangana mtendere. Ndalama zimene Philip anasula zilengeza kuti mtendere wakhazikika ndi Aperisi, koma sizinena kuti analipira ndani.

Valerian ndi colembera ca Lactantius

Pa mlandu wa Valerian mboni zonse zibvomerezana pa cinthu cacikulu: anagwidwa wamoyo, ndipo sanabwerenso. Iye ndiye Kaisara woyamba kugwidwa ndi mdani wa kunja. Mau awa tiwakhulupirire ndi mtima wonse, popeza Aroma analibe copindula pobvomera manyazi otere; mboni ikabvomera cinthu coicititsa manyazi, pamenepo mau ace alemera. Kusiyana kuyamba pa magwidwe ace. Shapur ati anamgwira pa nkhondo. Zosimus ati ankhondo a Valerian anali atatha ndi mliri, ndipo iye anafuna kugula mtendere; Shapur anamuitana kuti adze yekha kudzakambirana, namgwira mwacinyengo. Apanso tiona Mroma alikusandutsa kugonja kukhala kunyengedwa, ndi Mperisi alikukhala cete pa za mliri umene unamthandiza.

Koma nkhani imene yachuka koposa zonse ndi ya Lactantius. Iye anali wa kumpoto kwa Africa, mphunzitsi wa luso la kulankhula ku Nicomedia, ndipo anali Mkristu. Ca m'ma 315 analemba kabuku kochedwa De Mortibus Persecutorum, konena za imfa za mafumu ozunza Akristu. Valerian anali mmodzi wa iwo, pakuti malamulo ace a 257 ndi 258 anaphetsa atsogoleri a Mpingo, ndi Cyprian yemwe, bishopo wa ku Carthage, amene anadulidwa mutu m'caka ca 258. Lactantius ati Shapur, pofuna kukwera pa kavalo, ankaweramitsa Valerian nampondera pamsana. Ndipo atafa, anamsenda khungu, nalinyika mu utoto wofiira, nalipacika m'kacisi kuti amithenga a Aroma azilionera.

Tikaiyesa monga nchito ya wolemba, nkhani iyi ndi ya mmisiri weni-weni. Ndi yaifupi, mau ace ndi owerengeka, ndipo cithunzi cace, ca msana wa munthu amene dziko lonse linamgwadira utasanduka popondera, mwana akacimva kamodzi saciiwala. Ndipo ngozi yace iri pomwepo. Tikaiyesa monga umboni, tipeza kuti inalembedwa patapita zaka monga 55, ndi munthu amene sanaone zimene alikunena, ndipo colinga ca kabuku konse ndi kuonetsa kuti wozunza Mpingo ali yense anafa imfa yoipa. Wolemba wotere akamva mphekesera yogwirizana ndi phunziro lace, saifunsa mafunso ambiri. Gibbon yemwe, angakhale sanaone mwala wa Shapur, anaikaikira nkhaniyi.

Tiri naco coiyesera. Shapur analamula amisiri kusema cipambano cace pa matanthwe a ku Naqsh-e Rostam ndi ku Bishapur. Mfumu iri pa kavalo. Mroma wina wagwada, ndipo ophunzira ambiri amvana kuti ndiye Philip. Wina waimirira, mfumu itamgwira pamkono, ndiye Valerian. Ndipo ku Bishapur wacitatu wagona pansi pa ziboda za kavalo, ndiye Gordian. Mfumu imene sinacite manyazi kusema mtembo pansi pa kavalo wace, ikadaleka bwanji kusema Kaisara wamoyo ali popondera pace? Mau a pa mwala anena kuti andende anagawidwa m'zigawo za ufumu nakhazikidwa komweko. Ndipo al-Tabari, wolemba m'Ciarabu amene anafa m'caka ca 923, asimba kuti Valerian anakakamizidwa kumangitsa khoma lochinga madzi ku Shushtar. Iyenso ndi mboni yocedwa, koma mabwinja a nchitoyo alipo, ndipo dzina lace, Band-e Kaisar, likumbutsa Kaisara. Sitinena kuti mafumu a nthawi imeneyo analibe nkhanza. Tinena kuti nkhani ya popondera ndi ya khungu lofiira ilibe mboni yoona ndi maso, ndipo iyenera kufotokozedwa pamodzi ndi dzina la mwini wace.

Amene sanachulidwe

Pali colakwa cimodzi cimene mboni zonsezi zigawana: maso ao ali pa mafumu okha. Aroma sanaposedwe pa kudzitama. Galerius atagonjetsa Narseh, mwana wa Shapur, ca m'ma 298, cipambano cace cinasemedwa pa cipata cacikulu ca miyala ku Thessaloniki, monga momwe Shapur anasemera cace pa thanthwe. Za anthu wamba tiyenera kufunsa nthaka. Dura-Europos, mudzi wa linga wa Aroma pa Euphrates, unagwa m'manja mwa Aperisi ca m'ma 256, ndipo sunamangidwenso. Akatswiri a ku France ndi a ku Yale, amene anaufukula kuyambira 1928 mpaka 1937, anapeza njira ya pansi pa nthaka imene Aperisi anakumba kuti agwetse nsanja ya linga, ndi njira ina imene Aroma anakumba kuti akomane nao. M'menemo munali mafupa a asilikari a Aroma monga 19 ndi a Mperisi mmodzi, zida zao ziri pomwepo. Shapur awerenga Dura monga dzina limodzi pa mndandanda wa midzi yotengedwa. Amuna awa amene anafera mumdima sawadziwa, ndi Lactantius yemwe alibe nao kanthu. Mphunzitsi wosimba za nkhondo izi osachula anthu otere, ndi mabanja otengedwa ku Syria kunka ku dziko lacilendo, wangobwereza kudzitama kwa mafumu.

Cimene mphunzitsi atengepo

Kawiri-kawiri inu mudzawerenga phunziro m'Cingelezi ndi kulifotokoza kwa ana m'cinenero cao. Ndipo pofupikitsa, mau oyamba kutayika ndi aja ang'ono-ang'ono oonetsa kuti cinthu ndi congomveka. Cinenero cathu sicisowa mau otere. Tiri ndi "akuti" ndi "ati". Tiri ndi "anadzitama kuti". Tiri ndi "mboni zonse zibvomerezana kuti". Taonani ziganizo zitatu izi. "Valerian anagwidwa ndi Shapur m'caka ca 260." Apa "akuti" safunika. "Shapur anadzitama kuti anakantha Aroma 60,000." Mukacotsa "anadzitama kuti", mwasandutsa ciwerengero ca mfumu kukhala canu. "Lactantius akuti Valerian anasendedwa khungu." Mukacotsa dzina la Lactantius, mwabvomereza mlandu umene simunauzenge, ndipo ana 40 adzapita nao kwao monga coonadi, popeza wanena ndi mphunzitsi. Cenjeraninso ndi mau onyoza amene olemba a Aroma anachulira adani ao. Musawasandulize m'cinenero cathu ngati kuti ndi maina a mitunduyo.

Ana a m'makalasi apamwamba angathe kuzenga okha mlandu wa Gordian, popeza mazengedwe a pa bwalo awadziwa kale kwao. Ena anene mau a Shapur, ena a Aroma, ndipo otsalawo afunse mboni iri yonse mafunso anai: Kodi unalipo? Unalankhula patapita zaka zingati? Upindulanji tikakukhulupirira? Wasiya ciani? Mafunso omwewo adzawathandiza pamene muwatuma kukafunsa akulu za nkhondo za Angoni ndi Acewa za m'zaka za m'ma 1800, pakuti mdzukulu wa wothira nkhondo ndi mdzukulu wa wothawira ku phiri sasimba mofanana, ndipo onse awiri ayenera kumvedwa mwaulemu. Musaope kuti ana adzasokonezeka pomva mboni zotsutsana. Mwana amene wakhalapo pa bwalo la mfumu adziwa kuti mlandu sugamulidwa asanalankhule onse. Nchito yanu ndi kumthandiza kusiyanitsa zokhazikika ndi zongomveka, ndi kulemba ciri conse m'kope lace ndi mau oyenera cimeneco.